Limba la masana latikumbutsa za nang'omba

Ndikambe za limba. Mawu amenewa ndi akale kuposa matchalitchi athu. Makolo a kuchigwa cha Shire anali ndi ulimba, ena amati valimba, timatabwa tosemedwa bwino toyalidwa pamwamba pa zikho, tomwe amatimenya ndi timitengo. Amishoni atafika ndi bokosi lawo lopopa ndi mapazi, anthu sanavutike kulifunira dzina, anangoti nalonso ndi limba. Lero dzina lomweli talipereka kwa piyano komanso kwa kiyibodi yoyendera magetsi yomwe yafika pafupifupi m'kwaya iliyonse m'dziko muno.

Chodabwitsa n'choti limba tinalipatsa ntchito imodzi yokha, yoperekeza anthu oimba. Kutchalitchi limatsogolera kwaya, paukwati limathandiza operekeza akwati kuponda sitepe, pamaliro limagwiriziza nyimbo zachisoni. Woimba akangotseka pakamwa, nalo limakhala chete, ngati mlendo amene sayankhula asanalonjeredwe. Ambiri a ife tinakula osamvapo limba likulira lokha, popanda mawu, popanda ng'oma, ife titangokhala pansi n'kumamvetsera. Ine ndine mphunzitsi wa jogalafe ndi Chichewa pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Guilleme, m'boma la Mchinji, ndipo ndikufuna ndifotokoze zomwe zachitika chiyambire ife kumvetsera limba lokha, Lachitatu lililonse masana, kwaulere.

Dera lathu linatenga dzina kwa Bishopu Mathurin Guillemé, wansembe wa chipani cha White Fathers wochokera ku France, yemwe anatsogolera mpingo wa Katolika m'chigawo cha Nyasa kuyambira 1911 mpaka 1934, namwalira mu 1942. M'boma lomweli, m'malire ndi Zambia, muli Kachebere, komwe mishoni inayamba mu 1903 ndipo seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939. Choncho nyimbo za kwaya si zachilendo kuno. Pamwamba pa izo tili ndi gule wamkulu wa Achewa, ingoma ya Angoni, chimtali ndi chitelele cha amayi. Makutu a ana athu si ogontha ayi. Chomwe chimasowa ndi nthawi komanso malo oti mwana akhale phee, amvetsere chinthu chimodzi mpaka chithe.

Amene anaphunzitsapo pasukulu yoyendera akudziwa momwe ola la nkhomaliro limakhalira. Belu likalira, ana amagawika pawiri popanda wowagawa. Omwe ali ndi kangachepe m'thumba amathamangira kumpanda komwe amayi amagulitsa zitumbuwa, chinangwa chophika ndi nzimbe. Enawo, ndipo ndiwo ambiri m'miyezi ya January ndi February, amazemba n'kukakhala kuseri kwa kalasi, kope lili pamaondo, kunamizira kuwerenga. Ena anadzuka tambala woyamba atangolira n'kuyenda mtunda wa maola awiri osalawa kanthu. Phala lomwe limaperekedwa m'masukulu ambiri a pulayimale silifika kusekondale. Ola limeneli ndi lowawa, osati chifukwa cha njala yokha, komanso chifukwa cha manyazi. Aliyense amaona kuti uyu wadya, uyu sanadye.

Ndili ku koleji ya aphunzitsi ku Domasi ndinawerengapo nkhani yomwe inandikhala m'mutu zaka zonsezi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, nyumba zachisangalalo mumzinda wa London zinatsekedwa poopa mabomba, ndipo zithunzi zamtengo wapatali za m'nyumba yotchedwa National Gallery zinasamutsidwa kukabisidwa ku Wales. Mayi wina katswiri wa piyano, Myra Hess, anapempha kuti m'nyumba yopanda kanthuyo muzichitika zoimbaimba nthawi ya nkhomaliro. Anayamba pa 10 October 1939, ndipo zinapitirira Lolemba mpaka Lachisanu kufikira mu April 1946, maulendo 1,698, ngakhale m'masiku omwe mabomba ankagwa mumzindamo. Polowa munthu ankangopereka sheleni imodzi. Anthu wamba ankatuluka m'maofesi, asilikali ali m'yunifolomu, n'kukhala pansi kumvetsera, kenako n'kubwerera kuntchito. Mwambowu sunafe. Tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields, choyandikana ndi nyumba ija, chakhala zaka zambiri chikuchititsa zoimbaimba za masana zomwe anthu ankalowa ulere, ndipo mayunivesite ena a ku South Africa, monga ya Pretoria, amachitanso chimodzimodzi.

Chinthu chachiwiri ndinachipeza pafoni. Ndi nyimbo za mkulu wina wa ku France, Olivier Messiaen, yemwe anali woimba limba patchalitchi cha La Trinité mumzinda wa Paris kuyambira 1931 mpaka imfa yake mu 1992. Mkuluyu ankadzuka mbandakucha, kupita kuthengo ndi pensulo ndi pepala, n'kumalemba kulira kwa mbalame monga momwe kalaliki wa bwalo la milandu amalembera mawu a mboni. Pakati pa 1956 ndi 1958 anapeka nyimbo 13 za piyano zotchedwa Catalogue d'oiseaux, ndiye kuti mndandanda wa mbalame. Nyimbo iliyonse ili ndi mbalame yakeyake, ndipo amaikamonso malo omwe mbalameyo imakhala: thanthwe, dambo, gombe la nyanja, kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa. Mulibe woimba ndi pakamwa. Muli zala khumi basi.

Pamalo ochitira malonda pafupi nafe pali mnyamata wina wokonza njinga. Anamaliza folomu 4 pasukulu pathu pompa zaka zingapo zapitazo, mwayi wopitiriza maphunziro sunapezeke, ndipo Lamulungu amaimbira kiyibodi kwaya ya tchalitchi china chaching'ono chakumudzi. Sanalowepo m'kalasi ya nyimbo, anaphunzira ndi khutu. Tsiku lina akumata chubu cha njinga yanga ndinamuonetsa kanema wa nyimbo za Messiaen. Anamvetsera ndithu, ulimbo ukuuma pachala, kenako anati: "Aphunzitsi, mzunguyu akuimba mbalame za kwawo, ine sindikuzidziwa. Koma njiwa ya kudimba kwathu ija ndikhoza kuigwira." Ndinamufunsa ngati angayese pamaso pa ana asukulu. Anaseka, n'kunena kuti ana amakono amafuna zovina. Ndinati, "Achimwene, tiyese kamodzi. Akathawa, tidzakhala tatsala awiri, ndipo ine sindidzathawa."

Akuluakulu a kwaya anavomera kutibwereka kiyibodi pa mfundo ziwiri: ibwerere tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, ndipo iyende itakulungidwa m'chitenje poopa fumbi. A hedi anatipatsa kalasi ya folomu 1. Magetsi timatenga kubatire la sola la kunyumba kwanga. Ndinene mosabisa kuti kiyibodi si piyano yeniyeni. Piyano, yomwe anayamba kuipanga ndi Bartolomeo Cristofori wa ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700, ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo mkati mwake muli nsambo zachitsulo zoposa 200 zomwe zimamenyedwa ndi tinyundo tokutidwa ndi nsalu yaubweya. Ukagunda pang'ono imanong'ona, ukagunda mwamphamvu imabangula, ndipo dzina lake lonse m'Chitaliyana limatanthauza zomwezo, pang'onopang'ono ndi mwamphamvu. Yathuyi ili ndi makiyi 61 okha, koma mwamwayi imamva kulemera kwa chala. Chachikulu chomwe mnyamatayu amachita asanayambe n'kuzimitsa ng'oma zamakina zija zomwe makwaya athu amazikonda kwambiri. Akatero mumatsala mawu a piyano okhaokha.

Malamulo athu ndi ochepa. Palibe cholipira. Palibe kuitana maina. Palibe mayeso. Wobwera ndi chitumbuwa adye ali momwemo, wopanda kanthu akhale pomwe wafuna. Limba limalira mphindi makumi awiri, ndipo nyimbo iliyonse ikatha woimbayo sanena dzina lake, ana ndiwo amalota kuti amva chiyani. Lachitatu loyamba kunabwera ana osakwana khumi, ena ongosuzumira pawindo. Pofika mwezi wachiwiri mabenchi sankakwanira.

Zomwe amaimba amapeka yekha, ndipo zonse amazitola panjira ya pakati pa nyumba yake ndi sukulu. Pali nyimbo ya mvula yoyamba. Imayamba ndi kiyi imodzi yakumtunda, dontho limodzi padenga la malata, kenako awiri, kenako dzanja lamanzere limabwera kuchokera kumunsi ngati bingu la kumapiri a Mchinji, mpaka zala zonse zili piringupiringu, ndiyeno zimachepa pang'onopang'ono kutsala madontho a m'mbali mwa khonde. Pali ya achule a kudambo, momwe dzanja lina limafunsa, lina n'kumayankha. Pali ya nyenje ya mu October, kamawu kamodzi konjenjemera kosafuna kutha, koti ngakhale kunja kukuzizira umamva thukuta. Pali ya mphepo ya mu July ikamadutsa m'mapesi ouma. Ya njiwa ija ana anaidziwa asanafike n'pakati pomwe, ndipo kalasi yonse inaphulika ndi chiseko, chifukwa mbalame yomwe amaiponya legeni tsiku ndi tsiku inali italowa m'limba la kutchalitchi.

Lachitatu lina anaimba kanthu kachilendo. Anatsikira kumakiyi akumunsi kwenikweni, n'kugunda mawu akuya, obwerezabwereza, ngati ng'oma yaikulu yomvekera kutsidya kwa mtsinje. Kenako mawu ena okwererapo pang'ono ankayankha. Atamaliza, ana anayamba kulota. Wina anati chigayo cha dizilo. Wina anati lole yodzaza fodya ikukwera chitunda. Wina anati ng'oma ya gule. Palibe analasa. Pakhomo panali patayima agogo omwe amalondera pasukulu pathu, bambo wachikulire amene nthawi zambiri sayankhula. Anavula chipewa, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ameneyo ndi nang'omba. Mwamuna ndi mkazi wake. Mwana iwe, unamumva kuti?" Mnyamatayo anayankha kuti anamumva kamodzi kokha ali wamng'ono, atapita ndi agogo ake aakazi kumaliro kumudzi wina wakufupi ndi nkhalango, ndipo kulirako sikunamuchoke m'khutu. Agogo aja anapukusa mutu. "Kuno ankalira m'mawa uliwonse," anatero. "Tinkadzukira yemweyo popita kumunda."

M'kalasimo munali ana oposa makumi asanu, onse obadwira m'midzi yozungulira, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo kapena kumvapo nang'omba. Kwa owerenga omwe ali ngati ana angawa, nang'omba ndi chimbalame chakuda chachikulu ngati nkhukundembo, chofiira kumaso ndi pakhosi, chokhala ndi nthenga zoyera kunsonga kwa mapiko zomwe zimaoneka chikauluka. Chimayenda pansi m'timagulu, chikutola ziwala, abuluzi, achule ngakhale njoka. Chimaikira mazira m'mphako ya mtengo waukulu, ndipo ngakhale mazira akhale awiri, kawirikawiri mwana mmodzi yekha ndiye amakula. Gulu lonse limathandizana kulera mwanayo, ndipo pamatha zaka zingapo lisanalerenso wina. Mbalame yobereka mochedwa chonchi ikasowa mtengo wamphako, mtundu wake umatha mwakachetechete. Akatswiri a zachilengedwe anaiika kale m'gulu la mbalame zomwe zili pachiopsezo.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa mutu wa kutha kwa nkhalango. Ana amaloweza zifukwa zake bwinobwino: kuotcha makala, kuotcha njerwa, mitengo ya zigafa ndi nkhuni zochizira fodya, kutsegula minda yatsopano chifukwa cha kuchulukana kwa anthu. Amalemba pamayeso, amakhoza, n'kuiwala. Koma tsiku limenelo anatuluka m'kalasi ali chete, chifukwa anazindikira kuti pali mawu ena omwe anali a mudzi wawo, omwe agogo awo ankadzukira, ndipo iwo analandidwa asanabadwe. Sabata imeneyo ndinawatuma kuti aliyense akafunse munthu wachikulire wa kwawo maina a mbalame zomwe ankazimva kale koma pano sazimvanso kapena amazimva patalipatali. Anabwera ndi makope odzaza. Nang'omba anatchulidwa pafupifupi m'kope lililonse. Ena analemba nkhanga zakutchire ndi nkhwali, zomwe akuti kale zinkafika mpaka kuseri kwa nkhokwe. Mtsikana wina analemba kuti agogo ake anamuyankha ndi funso: "Ukufuna mbalame, mtengo woti itere uli kuti?"

Funso limeneli linatitengera kumanda. Aliyense woyenda m'chigawo chapakati amadziwa kuti ukaona kachitsamba ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yoyera, pamenepo ndi pamanda. Ndi malo okhawo omwe nkhwangwa imaopa. Ana atayendera midzi yawo anapeza kuti kunja kwa manda, mtengo waukulu wamphako womwe watsala m'dera lawo ndi mkuyu umodzi wa m'mphepete mwa dambo. Anapezanso kuti mwini munda womwe uli mkuyuwo anali atagwirizana kale mtengo ndi anthu ootcha njerwa, ndipo ankangodikira kuti mvula ithe. Bamboyo si munthu woipa. Ali ndi ana awiri pasukulu pathu pompa, ndipo ndalama ya mkuyuwo ankati alipirire fizi.

Ana asanu a folomu 3 anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa a mfumu. Tinapita Loweruka, agogo olondera aja akutitsogolera. Titakhala pansi ndi kuomba m'manja, mtsikana yemwe anasankhidwa kuyankhula anati, "Zikomo gogo chalo, ife ana anu tabwera kudzapempha mkuyu wa kudambo kuti ukhale ndi moyo." A mfumu anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anafunsa funso lomwe linali loyenera kufunsidwa: "Nanga fizi ya anzanuwo mulipira ndinu?" Panalibe yankho lachangu. Atakambirana ndi nduna zawo komanso mwini munda, anagamula kuti mkuyu usadulidwe chaka chino, ndipo mudzi uone njira ina yothandizira banjalo. Aphunzitsi angapo tinasonkha kangachepe, ana ena anakagwira ganyu yokumba mtedza n'kuperekako. Teremu imodzi yalipiridwa. Za chaka chamawa sizinakambidwe, ndipo ootcha njerwa sanasamuke. Mkuyu uli chiimire, koma uli pangongole.

Si onse amene akukondwa ndi limba lathu. Pamsonkhano wa makolo bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwana wanjala mukumupatsa nyimbo? Nyimbo amatafuna?" Anthu anaseka, koma funsolo linali lolemera ndipo ine ndimalilemekeza. N'zoona, limba silikhutitsa. Mwana amene walowa ndi njala amatuluka ndi njala yomweyo, ndipo masamu a masana amamuvuta chimodzimodzi. Amene anganene kuti nyimbo zingalowe m'malo mwa phala ndiye kuti sanagonepo ndi njala.

Chomwe ndinayankha n'chakuti ola lija linalipo kale, ndipo njala inalipo kale. Limba silinalande mwana aliyense chakudya. Chomwe lachotsa, kamodzi pasabata, ndi kuseri kwa kalasi kuja. Lachitatu wodya ndi wosadya amakhala benchi imodzi, maso onse ali kutsogolo, ndipo palibe amene amayang'ana m'manja mwa mnzake. Ndaonanso kuti chitumbuwa chomwe kumpanda chimadyedwa ndi munthu mmodzi, m'kalasi muja chimanyemedwa patatu popanda wolamula. Mayi wina pamsonkhano womwewo anati ngati vuto ndi njala, makolo asonkhe mtedza pokolola kuti Lachitatu ana azikazinga. Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, ndipo mbale imodzi pakhomo siingagwetse banja. Ena avomera, ena akuti aganizire. Bambo anafunsa uja ndi mmodzi mwa omwe anabweretsa mbale yawo koyambirira, akunena kuti nyimbozo sakuzimvetsabe.

Ena amati izi n'zachizungu. Koma kumvetsera chilengedwe n'kuchiika m'choimbira si nzeru yobwera pa ndege. Ayao ali ndi mangolongondo, zipika zoyalidwa pa mathunthu a nthochi, zomwe zinkaimbidwa kumunda poingitsa mbalame ndi anyani. Kalimba, yemwe azungu anamutcha piyano ya zala zazikulu, ndi wathu, ndipo Hugh Tracey atayendera dziko lino m'zaka za m'ma 1950 anajambula akatswiri a kalimba ndi bangwe omwe mawu awo akusungidwa mpaka lero ku South Africa. Gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, ndi wodzaza ndi zilombo zakutchire. Ngakhale piyano yeniyeniyo Aafirika anaiweta kale. Abdullah Ibrahim, wobadwira ku Cape Town mu 1934, anaiyankhulitsa chiyankhulo cha m'makomboni a kwawo, ndipo nyimbo yake ya Mannenberg ya 1974 inasanduka mfuu ya anthu olimbana ndi tsankho. Akin Euba wa ku Nigeria anaphunzitsa kuti piyano ikhoza kuimbidwa ngati ng'oma ndi malimba a kuno kwathu. Mnyamata wathu wokonza njinga sanawerengepo za anthu amenewa, koma akuyenda m'njira yomwe iwo anapondamo.

Kunja kuno oimba piyano amakono akugwiritsa ntchito luso lawo pochenjeza anthu za chilengedwe. Mu 2016 Ludovico Einaudi wa ku Italy anaika piyano pathandala loyandama panyanja yozizira ya ku Svalbard, n'kuimba nyimbo yake yolira madzi oundana omwe akusungunuka, zibuma zake zikugumukira m'madzi kumbuyo kwake. Dziko lonse linaonera. Ife tilibe madzi oundana, tili ndi dambo lomwe likuuma msanga chaka ndi chaka komanso mkuyu umodzi. Kusiyana kwake n'koti omvera athu ndi omwewo amene mawa adzagwire nkhwangwa kapena kuisiya.

M'dziko muno muli malo omwe achinyamata amaphunzira zoimbaimba mwadongosolo, monga Music Crossroads ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe komanso ku yunivesite ku Zomba. Chikondwerero cha Tumaini, chomwe chinayamba mu 2014 kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka m'boma la Dowa, chinaonetsa kuti zoimbaimba zaulere zikhoza kukokera anthu zikwizikwi kumalo omwe ambiri ankawaona ngati achisoni chokhachokha. Koma mwana wa ku Guilleme sangakwere minibasi kupita ku Lilongwe kukamvera limba masana n'kubwerera kudzaphunzira. M'masukulu ambiri a sekondale akumudzi mulibe mphunzitsi wa nyimbo. Chomwe tili nacho chochuluka ndi makiyibodi a makwaya. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ambiri amagona m'makabati a m'matchalitchi, atafundidwa nsalu, kudikira Lamulungu. Ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mnyamata kapena mtsikana amene zala zake zimadziwa zambiri kuposa zomwe kwaya imamupempha.

Sindikudziwa kuti limba lathu likhala mpaka liti. Mnyamata uja ali ndi mkulu wake ku Johannesburg yemwe akumuitana, akuti kumeneko ntchito ya m'galaja ilipo, ndipo palibe amene angamudzudzule akapita, chifukwa zigamba za machubu sizimanga nyumba. Ife sitimulipira kanthu kupatula nsima ya masana kunyumba kwanga. Podziwa zimenezi, wayamba kutsalira mphindi khumi akamaliza kuimba, kuphunzitsa ana atatu omwe aonetsa chidwi. Mmodzi ndi mtsikana wa folomu 2, wamanyazi, yemwe m'kalasi sakweza dzanja. Sabata yatha anaimba kanyimbo kake koyamba ndi zala zitatu zokha, ndipo anzake analota msanga kuti ndi pumbwa ali mumtengo wa mango. Anabisa nkhope m'manja, koma Lachitatu likudzali akuti abweretsa ina ya anamzeze.

Pempho langa likupita kwa abusa, ansembe, akuluampingo ndi atsogoleri a makwaya: tsegulani makabati aja pakati pa sabata, bwerekani masukulu oyandikana nanu kiyibodi kwa ola limodzi. Kwa aphunzitsi anzanga, funani woimba wa m'dera lanu, mumuuze azimitse ng'oma zamakina, aimbe zomwe amamva panjira, ndipo muitane nkhalamba imodzi idzakhale pakhomo, chifukwa pali mawu ena omwe ndi okhawo angawazindikire. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April. Ana athu agwirizana kuti chaka chino, pambali pa bulugamu ndi kesha zomwe timalandira, adzale mikuyu, mibawa ndi misuku m'mphepete mwa dambo. Agogo olondera awauza kuti mtengo wotere umatenga zaka zambiri usanachite mphako yoti nang'omba n'kuikiramo, ndipo iwo sadzakhalapo kuti adzaone. Atatero anapempha kuti dzenje loyamba akumbe ndi iwo.

Mphunzitsi,
Guilleme, Mchinji